Lincoln wa m'sitolo ya ku New Salem

Pa phunziro la mbiri ya America, aliyense wa ife anapatsidwa munthu woti amufufuze. Ine ndinasankha Abraham Lincoln, koma wa zaka zimene anali asanakhale pulezidenti, akugulitsa m'sitolo pa kamudzi ka New Salem m'chigawo cha Illinois.

Anafika pamudzipo mu 1831 n'kulembedwa ntchito m'sitolo ya Denton Offutt. Chaka chotsatira anapikisana nawo pa mpando wa m'nyumba ya malamulo ya Illinois ndipo anagwa. Koma m'dera la New Salem, kwa anthu amene ankamuona akuwayezera katundu pa sikelo, anapeza mavoti 277 mwa 300. Uthenga wake unali wa munthu wamalonda: akonze mtsinje wa Sangamon kuti maboti azitha kudutsa, katundu azifika msanga, alimi azitha kugulitsa zokolola kutali.

Kenako anatsegula sitolo pamodzi ndi William Berry, katundu wake wa ngongole. Bizinesiyo sinapite patali. Berry atamwalira mu 1835, ngongole yonse, pafupifupi madola 1,100, inagwera Lincoln yekha, ndipo anaibweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Apa ndinawerenga mobwereza. Ngongole itamukola, anamulanda hatchi ndi zida zake zoyezera malo, zida zimene ankadyera. Mnzake James Short anakazigula pa okushoni n'kumubwezera m'manja.

Mu 1834 anapambana mpando wa m'nyumba ya malamulo uja. Anakongola madola 200 kwa Coleman Smoot, n'kugulako suti yoti akaonekere ku Vandalia, komwe kunali likulu la chigawo nthawi imeneyo. Anasankhidwa kanayi motsatizana, anaphunzira malamulo ndi mabuku obwereka kwa John Todd Stuart, ndipo iye ndi aphungu anzake a m'boma la Sangamon ndi amene anakokera likulu ku Springfield.

Chimene chikundivutabe mumtima ndi cha 1837. Munthu yemweyu, amene ankadziwa kuwawa kwa ngongole, anavomereza ndondomeko ya njanji ndi ngalande ya madola oposa 10 miliyoni, ndalama zokongola. Chaka chomwecho chuma cha America chinagwa, ntchito zambiri zinaima pakati, ndipo Illinois inafika polephera kulipira chiwongoladzanja. Ine sindikuona kuti anali wosasamala. Ndikuona munthu amene anaona mudzi wake ukufota chifukwa chosowa njira yotulutsira katundu, n'kukhulupirira kwambiri kuti njira ikangokhalapo zonse zidzayenda. New Salem yeniyeniyo pofika cha m'ma 1840 inali bwinja, anthu atasamukira ku Petersburg, tauni imene iye mwini anaiyeza malire.

Sabata yamawa ndiyamba kuwerenga chikalata chimene iye ndi phungu mnzake Dan Stone anasaina mu Marichi 1837 chotsutsa ukapolo.