Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ndalama za Mvano m'chaka cha nsima yachikasu

Gawo lapitali ndinalekezera tikutsitsa katundu ku Zomba, abambo atawasamutsira kumeneko pa ntchito yawo ya ukalaliki. Lero ndafika pa 1992. Amene analipo akukumbukira kuti mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pofika pakati pa chaka tonse tinali kudya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Ine ndinali ndi zaka 12, ndili mu Sitandade 7. Chaka chimenecho nyumba yathu inadzaza. Agogo aakazi anabwera kuchokera kumudzi chifukwa nkhokwe inalibe kanthu, ndipo anabwera ndi mtsikana wa zaka 15, mwana wamasiye wa achibale akutali, kuti azithandiza amayi pakhomo. Sinditchula dzina lake. Ndinkamuitana kuti achemwali, ndipo pano ndimutchula choncho.

Chaka chomwecho ndinadziwa njira ya ku laibulale ya m'tauni. Pa shelefu ya ana panali mabuku a zikuto zolimba, msana wake wachikasu, ena atathothoka masamba. Anali a Nancy Drew. Loyamba limene ndinabwereka linali The Secret of the Old Clock, kutanthauza chinsinsi cha wotchi yakale, ndipo ndinaliwerenga ndi chala pa mzere, ndikulumpha mawu amene ankandivuta, kufikira palafini atatha mu koloboyi.

Nancy anali mtsikana wa m'tauni yongopeka ya River Heights ku America. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ankakhala ndi bambo ake a Carson Drew, omwe anali loya, ndi mayi wosamala nyumba dzina lake Hannah Gruen. Anali ndi galimoto yake yabuluu. Zonsezi zinali kutali ndi ine ngati mwezi. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkachibwereza kuwerenga kawiri katatu: Nancy akafika kunyumba n'kunena zimene waona, bambo ake ankasiya zimene akuchita n'kumumvetsera. Ankamufunsa mafunso ngati munthu wamkulu mnzawo. Kwathu mwana sankalowerera akulu akamayankhula. Sizinali nkhanza, anali makhalidwe amene tonse tinakuliramo. Komabe ine ndinkaona zinthu zambiri pakhomo paja, ndipo ndinalibe woti ndimuuze.

Ndinawerenganso mabuku a Enid Blyton a ana anayi ndi galu wawo Timmy, omwe alipo 21, olembedwa kuyambira 1942 mpaka 1963. Ndinene zoona, m'mabuku amenewo ndinkatsatira kwambiri chakudya kuposa akuba. Ana aja sankayenda mtunda wautali osakhala pansi kudya buledi, mazira owiritsa ndi keke. M'chaka cha njala, masamba amenewo ndinkawawerenga pang'onopang'ono.

Anthu ena amati nkhani zamtunduwu n'zopepuka, zofanana zonse. N'zoona kuti n'zofanana, ndipo n'chifukwa chake ndinkazikonda. Ukatsegula buku lachiwiri umapeza anthu omwe aja ali pomwe unawasiya. Simukhala magazi oyenderera m'menemo. Mlandu umakhala waung'ono wokwana m'manja mwa mwana, ndipo wofufuzayo alibe mfuti kapena yunifolomu, ali ndi maso ndi kulimba mtima basi. Umadziwa usanayambe kuti pomaliza choona chidziwika, wosalakwa amasuka, ndipo anthu akhala pansi kumwa tiyi. Kunja kwa nyumba yathu chaka chimenecho kunalibe chodziwikiratu chotero. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, ophunzira a ku Chancellor College anayenda pamsewu m'tauni mwathu momwemo, ndipo akuluakulu ankatsitsa mawu akamva mapazi panja.

Ndinagula kope la masamu n'kuyamba kulembamo zimene ndinkaona: wadutsa ndani, wanyamula chiyani, nthawi yanji. Ndinkafuna kukhala tifitifi. Abambo atalipeza kopelo nkhope yawo inasintha. Anatseka chitseko, n'kundifunsa motsitsa kuti wandituma ndani. Ndinawauza za Nancy. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, kuno munthu wolemba mayendedwe a anzake amatchedwa kazitape. Kope ili likhoza kutiphetsa." Analiponya pa mbaula. Ndinalira, koma lero ndikudziwa kuti ankatiteteza.

Tsopano nkhani ya ndalama. Amayi anali msungichuma wa amayi a Mvano pa mpingo wathu. Mwezi wa Okutobala anali ndi K45 ya gululo, mapepala a K5 ndi K10, pamodzi ndi matambala angapo. Anazikulunga mu pepala la nyuzi n'kuziika mu katoni pamwamba pa kabati ya kuchipinda kwawo. Loweruka lina atakwera pampando kuti azitenge, anapeza matambala okha. Mapepala onse, pamodzi ndi chokulungira, mulibe.

Zikanakhala zawo, mwina akanangodandaula n'kusiya. Koma zinali za mpingo, ndipo manyazi ake anali aakulu kuposa ndalamazo. Madzulo asanafike, maso onse anali pa achemwali. Palibe amene anawaona. Chifukwa chinali chakuti ndiwo ankasesa m'chipindamo, ndiwo anali mlendo, ndiwo analibe wowayankhulira. Anakhuthula kathumba kawo ka zovala pabwalo, osapezamo kanthu. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi nzeru yoti akaombeze kwa sing'anga, kuti wakubayo atupe mimba. Amayi anakana pakamwa, koma ndinaona kuti mtima wawo ukupendekera komweko. Achemwali sanalire. Anangoti, "Mayi, ine sindinatenge," kamodzi kokha, n'kupita kukatsuka mbale.

Usiku uja tinagona pa mphasa imodzi monga mwa masiku onse. Chiyambire Seputembala ndinkawafotokozera m'Chichewa nkhani ya wotchi yakale ija, mutu umodzi usiku uliwonse, chifukwa iwo analekezera sukulu mu Sitandade 4. M'nkhanimo mkulu wina wachuma wamwalira, banja lodzikonda latenga chuma chonse, ndipo achibale osauka amene anawalonjeza gawo atsala manja lende. Nancy akufunafuna wilo yachiwiri imene mkuluyo anabisa. Achemwali ankaimvetsera nkhaniyi mosiyana ndi ine. Bambo awo atamwalira, abale a kuchimuna anatenga njinga, wailesi ndi malata a nyumba. Usiku umenewo ndinafuna kupitiriza, iwo anati, "Leka, ndatopa," n'kutembenukira kukhoma.

Sindinagone. Funso limodzi linkandizungulira m'mutu: wakuba angasiye bwanji matambala? Akulu anati anawasiya poopa kulira kwake. Koma nanga pepala lokulungira analitengeranji, pamene likanamugwiritsa? Ndinakumbukiranso kuti pepala lija amayi analitenga mu dengu la mandasi amene ankagulitsa, linali lonyowa ndi mafuta.

M'mawa anthu atapita ku tchalitchi ndinanamizira mutu. Ndinakwera pampando, ndinatembenuza katoni ija. Kumbuyo kwake, mbali yoyang'ana kukhoma, kunali chiboo chokwana nkhonya ya mwana, m'mphepete mwake modyekadyeka. Pamwamba pa kabati panali ndowe za makoswe. Ndipo pakona, pomwe siling'i inasiyana ndi khoma, panalendewera kachidutswa ka pepala kochepa ngati chikhadabo. Nditakatenga ndinaona mbali ya nkhope ya Kamuzu.

Apa m'pamene buku ndi moyo zinasiyana. Nancy akanathamangira kwa bambo ake. Ine ndinaima ndi kapepalako m'manja, miyendo ikunjenjemera, ndikudziwa kuti ndalowa m'chipinda cha makolo popanda chilolezo, ndiponso kuti kope langa linapsa kale. Ndinapita kwa agogo, omwe anatsala pakhonde chifukwa cha miyendo. Sankadziwa kuwerenga, koma nthawi zina ankamvetsera nkhani zathu za usiku, ndipo Nancy ankamutcha "mwana wa loya uja". Anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, anakamanga pa nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Khala chete, undisiyire ine."

Titadya nsima ya masana, agogo anaitana abambo. "Inu bambo a kuno, wamisala anaona nkhondo. Tamverani mdzukulu wangayu, mukatha mundiyankhe ine." Kanali koyamba m'moyo mwanga kuyankhula akulu onse ali chete. Mawu ankandithawa, koma ndinanena za matambala, za mafuta a mandasi, za chiboo. Abambo sanayankhe. Anakabwereka makwerero, anakankha bolodi la siling'i, n'kulowetsa mutu ndi tochi. Anatsika ndi chisa cha makoswe m'manja: nsanza, mankhusu a chimanga chachikasu, nyuzi yonyenyeka, ndi ndalama za Mvano. Mapepala awiri a K10 anali odyeka m'mbali mokha. Otsalawo anali zidutswa.

Ndinkayembekeza chimene chimachitika m'mutu womaliza wa buku, pamene aliyense amapepesa ndipo nyumba imabwerera mwakale. Sizinatero. Abambo anabweza ndalama zotsalazo pa malipiro awo. Mayi woyandikana nafe uja sanaonekenso kwa sabata ziwiri. Amayi, omwe anali munthu wabwino ndipo ndimawakonda mpaka lero, sanathe kutulutsa mawu akuti pepa kwa mwana. Anagula chitenje chatsopano n'kuchiika pa mphasa ya achemwali. Achemwali anachipinda bwinobwino, anachisunga, koma sanachivale. Ankagwira ntchito zawo zonse monga kale, kungoti kuseka anasiya, ndipo nkhani za usiku sanazifunenso.

Patapita zaka zambiri, nditayamba kugwiritsa ntchito intaneti, ndinafufuza za Carolyn Keene, dzina limene linkalembedwa pa zikuto zija, kuti ndidziwe mayi amene anandilera ndi mabuku ake. Ndinapeza kuti munthu woteroyo sanakhalepo. Nancy anamuganiza ndi Edward Stratemeyer, amene kampani yake inkalemba ganyu anthu olemba mabuku a ana, ndipo mabuku oyamba anatuluka mu 1930. Amene analemba 23 mwa mabuku 30 oyambirira anali Mildred Wirt Benson wa ku Iowa ku America, yemwe poyamba ankalandira madola 125 pa buku, dzina lake osaoneka paliponse. Zinadziwika poyera pa mlandu wa ku khoti mu 1980. Anagwira ntchito ya utolankhani mu mzinda wa Toledo mpaka anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 96. Ndinadziwanso kuti zimene ndinkawerenga ine zinali zokonzedwanso kuyambira 1959, zofupikitsidwa kukhala mitu 20, atachotsamo mawu onyoza anthu a mitundu ina. Zinandikhudza kuti mayi amene anapatsa mtsikana uja mawu omveka, iye mwini anakhala zaka 50 anthu ambiri osamudziwa. Mpaka lero ndikatopa ndimatenga buku la mtundu umenewu, la mwana wa m'tauni yaing'ono amene amaona zimene akulu adumpha, ndipo mtima wanga umakhala pansi.

Mvula itagwa mu Disembala, agogo anati abwerera kumudzi kukadzala, ndipo achemwali anati apita nawo. Amayi anawapempha kuti atsale, iwo anakana mwaulemu. Ndinawaperekeza ku depoti, nditasenza kathumba kawo kamene kanakhuthulidwa pabwalo kaja. Njira yonse sitinayankhulane. Basi itafika, agogo atakwera kale, achemwali anatembenuka pakhomo n'kundifunsa, "Anthu osauka aja, chuma chawo anawapatsa?"

Ndinati inde. Nancy anapeza kabuku mkati mwa wotchi, kabukuko kanalozera kumene kunali wilo, ndipo aliyense analandira gawo lake.

Anagwedeza mutu, anati, "Chabwino," n'kukwera.