Mankhwala a mwana amayezedwa ndi sikelo

M'mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, mdzukulu wanga wa zaka ziwiri anagubuduza kapu ya tiyi wotentha n'kupsa padzanja. Tinathira madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20 monga zimafunikira, ndipo ndinakaniza achibale amene ankafuna kupakapo mankhwala otsukira mano. Chinandipweteka mtima kwambiri ndi mawu amene ife akuluakulu timawanena mosaganizira, akuti mwamuna salira. Mwanayo ankanjenjemera ndi ululu, ife tikumuuza kuti alimbe mtima.

Kukiliniki, namwino asanalembe chilichonse anayamba wamukweza pasikelo. "Agogo," anatero, "mankhwala a mwana timayeza ndi kulemera kwake, osati ndi maso." Mlingo wa paracetamol, amene ambiri timangoti panado, ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, pakadutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma osapitirira kanayi pa tsiku chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Mdzukulu wanga ankalemera makilogalamu 12, choncho ankafunika mamiligalamu 180, omwe ndi mamililita 7.5 a mankhwala amadzi aja okhala ndi mamiligalamu 120 mu mamililita asanu alionse. Ine kwa zaka zambiri ndinkayeza ndi supuni ya tiyi, ndipo tsopano ndikudziwa kuti nthawi zina ndinkapereka ochepa kwambiri moti sakanathandiza.

Ibuprofen nayenso amathandiza, makamaka pakakhala kutupa, koma sapatsidwa kwa khanda losakwana miyezi itatu kapena kwa mwana amene wataya madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba, popeza angavulaze impso. Aspirin ndi woletsedwa kwa ana chifukwa angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye. Codeine, yemwe ali m'mankhwala ena a chifuwa amene achinyamata athu akuwonongeka nawo m'misewu ya Harare, sayenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 12.

Pali mankhwala amodzi amene timawaopa mopitirira muyeso, ndiwo morphine. Ambiri a ife tikangomva dzinali timaganiza kuti wodwalayo watsala pang'ono kutisiya, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza kuti ana omwe ali ndi ululu waukulu, monga wa khansa kapena wa kupsa kwambiri, apatsidwe morphine dokotala akuyang'anira. Island Hospice, yomwe inakhazikitsidwa mumzinda uno mu 1979, yakhala ikuthandiza mabanja pa nkhani yochepetsa ululu kwa zaka zonsezi, ndipo kholo lisamachite manyazi kufunsa za mankhwalawa.

Chovuta kwa ife chinali kutsuka bala. Tinaphunzira kumumwetsa mankhwala theka la ola tisananyamuke kupita kukiliniki, ndipo pofika kumeneko ndinkamufungata pachifuwa m'malo momugoneka pabedi ndi kumupanikiza. Ndinkamuimbira nyimbo za m'nthano zimene amayi anga anabwera nazo kuchokera ku Dedza, ndipo sindinamunamizepo kuti sizipweteka, chifukwa mwana ukamunamiza kamodzi amayamba kulira akangoona chitseko cha chipatala. Kwa makanda njira ndi yapafupi koposa, popeza kuyamwitsa pa nthawi ya katemera kumachepetsa ululu wa jakisoni.

Balalo linapola bwino. Pabotolo la panado ndimalembapo kulemera kwake ndi tsiku limene tamuyeza, ndipo sirinji yoyezera ndimaisunga pamodzi ndi khadi lake la kusikelo.