Matope ndiwo akusunga madambo a m'mbali mwa nyanja zamchere

Anzanga a kuno ku Mzuzu, mtsinje wa Lunyangwa ukafiira m'dzinja timadandaula kuti nthaka yathu ikukokoloka, ndipo kudandaulako n'koyenera. Koma kugombe la nyanja zamchere, matope ndiwo moyo wa madambo.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu akukwera ndi mamilimita oposa 3 chaka chilichonse. Madambo a m'gombe sakumira msanga chifukwa madzi akalowamo kawiri patsiku, udzu umawachepetsa liwiro, matope n'kukhazikika pansi. Mizu ndi masamba owola zimawonjezera nthaka, dambo n'kumakwera limodzi ndi nyanja, pang'onopang'ono.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi madamu. Kariba ndi Cahora Bassa amatsekereza matope ambiri a mtsinje wa Zambezi, choncho kumene mtsinjewu umathira m'nyanja ku Mozambique kumafika ochepa. Matope akachepa, nyanja imalipitirira dambo, udzu umafa, ndipo namondwe akabwera mafunde amalowa m'midzi popanda chowatchinga. Oyamba kulira ndi asodzi, poti nsomba zambiri zimakulira m'madambo momwemo. Ifenso tili m'chigwa cha Zambezi, Shire amathira mommo.