Masiku asanu amene Durga anali kwa makolo ake

Ndinafika ku Kolkata pa 18 Okutobala 2023, maphunziro amene ndinapitira ku India atatsala pang'ono kutha. Mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa Chibengali, ndiye anandikakamiza. Ankati sindingabwerere kwathu ndisanaone Durga Puja, mwambo wa Ahindu wolemekeza mulungu wamkazi Durga, umene Abengali amangoutchula kuti Pujo. Tinakafikira kwa mayi ake aang'ono kumpoto kwa mzindawu, ndipo anandiuza kuti nanenso ndiziwaitana Mashi monga amachitira iye.

M'mawa mwake tinapita ku Kumartuli, dera la oumba, m'mbali mwa mtsinje wa Hooghly. Tinjira take n'topanikiza, anthu awiri sangapatukirane osagundana mapewa. Kumeneko ndinaona mmene Durga amayambira: mafupa ake ndi nsungwi, mnofu ndi udzu womanga ndi chingwe, pamwamba amamata dongo la mumtsinje. Ndikuti chifanizo osati fano, chifukwa liwu lakuti fano kwathu kuno limabwera ndi chiweruzo cha paguwa, ndipo ine ndinapita kukaona, osati kukaweruza. Zifanizo zambiri zinali zitatengedwa kale. Chimodzi tinakumana nacho panjira, amuna oposa khumi atachisenza pa nsungwi, thukuta lili kamukamu, nkhope yake ataiphimba ndi nsalu. Pakhonde lina bambo wina wokalamba anali atayamba kale kuumba Kali, mulungu wina wamkazi amene mwambo wake umatsatira patangopita masabata osakwana atatu.

Nkhani imene ndinkaidziwa ndi ya nkhondo. Durga ali ndi mikono khumi, uliwonse uli ndi chida, wakwera mkango, ndipo akubaya Mahishasura, chiwanda chimene chinkasanduka njati. Zifanizo zonse zimaonetsa zimenezi. Koma Mashi, akusenda mbatata pakhonde, anandiuza ina. Kwa iwo Durga ndi mwana wamkazi wokwatiwa kutali, kuphiri la Kailash kwa mwamuna wake Shiva, ndipo kamodzi pachaka amabwera kwa makolo ake ndi ana ake anayi: Lakshmi, Saraswati, Ganesha ndi Kartik. Amakhala masiku ochepa basi, kenako amabwerera.

Apa mpamene ndinakhala chete. Ine ndine wa ku Dedza, koma ndili pachitengwa, kwa abambo a kunyumba kwathu. Ndikudziwa mmene amayi amasesera bwalo kawiri akamva kuti ndikubwera, ndi mmene amandiunjikira ufa ndi nyemba m'thumba tsiku lobwerera, osandiyang'ana kumaso.

Mwambo weniweni unayamba pa 20, tsiku lotchedwa Shashthi, pamene amavundukula nkhope ija. Mbandakucha wa tsiku lotsatira, Saptami, Mashi anatidzutsa kuti tipite kumtsinje. Anthu anali kusambitsa mtengo waung'ono wa nthochi umene anaumanga pamodzi ndi zomera zina, zonse kukwana zisanu ndi zinayi, kenako anauveka sari yoyera ya mkombero wofiira ngati mkwatibwi. Amautcha Kola Bou. Ng'oma yawo yotchedwa dhak inali kulira, amayi ena akuomba zigoba za nkhono za m'nyanja. Mwadzidzidzi amayiwo analuluta. Nthungululu zenizeni, abale, zangati za pachinkhoswe! Ndinadzidzimuka mpaka ndinatembenuka kufunafuna Mmalawi m'gululo.

Usiku mzinda wonse umatuluka kukaona ma pandal, nyumba zongoyembekezera za nsungwi ndi nsalu zimene dera lililonse limamanga kuti Durga akhalemo. Kunena kuti zisakasa n'kuzinyoza. Zina zimaoneka ngati kachisi wakale, zina ngati nyumba yachifumu, zina anazikongoletsa ndi madengu kapena miphika yokhayokha. Anthu a m'deralo amasonkha ndalama, makampani n'kuwonjezera, ndipo pali mpikisano woopsa. Mu Disembala 2021 bungwe la UNESCO linaika Durga Puja ya ku Kolkata pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo aliyense ankafuna kundiuza zimenezo. Komatu kunena zoona, ma pandal otchukawo anandilemetsa. Unayima pamzere ola lathunthu, ukalowa apolisi akuliza wezulo kuti usaime, ukutuluka usanaone n'komwe nkhope ya mwini mwambo. Pamalo ena pamene timayenera kuvula nsapato, patapata wanga anasowa. Ndinayenda opanda nsapato mpaka pamene tinapeza mnyamata wogulitsa, n'kugula zazikulu kuposa phazi langa.

Kumene ndinakonda ndi kwa banja la Deb ku Sovabazar, kumene akhala akuchita mwambowu m'bwalo la nyumba yawo kuyambira 1757, ndi ka pandal kakang'ono ka m'dera la Mashi komwe aliyense amadziwa mnzake.

Pa Ashtami, pa 22, anthu anabwera m'mawa asanadye kanthu, atavala zatsopano, maluwa ali m'manja. Wansembe ankanena mawu a Chisanskrit, iwo n'kumabwereza, kenako n'kuponya maluwawo kumapazi a Durga. Masana tinakhala pamzere, osauka ndi olemera pamodzi, kudya bhog, chakudya chimene chayamba chaperekedwa kwa mulunguyo: khichuri, womwe ndi mpunga wophika pamodzi ndi mphodza, ndi ndiwo zamasamba zosakaniza zotchedwa labra. Ndinadya ndi dzanja, ndipo amayi amene anakhala pafupi nane anadabwa kuti ndikutha. Ndinawauza kuti kwathu nsima sitidya ndi supuni.

Pamene Ashtami ikutha ndipo Navami ikuyamba pali Sandhi Puja, ya mphindi 48 zokha, 24 mbali ino ndi 24 mbali inayo. Amayatsa tinyali 108 ndi kupereka maluwa 108 a m'madzi otchedwa lotus. Utsi wa lubani unadzaza mpaka maso kuyabwa, ndipo m'kuwala kwa tinyalito nkhope yadongo ija inkaoneka ngati ikupuma. Tsiku lotsatira madzulo anyamata anavina atanyamula mbale zadongo zokhala ndi makoko a kokonati oyaka, wina mpaka kuluma mbaleyo ndi mano, makala akugwera pansi pamene akuponda.

Pa 24 linali tsiku lotsazikana, Dashami. Amayi okwatiwa anabwera ndi mbale za maswiti a mkaka ndi ufa wofiira wotchedwa sindoor. Mmodzimmodzi ankakwera pampando, kumupaka Durga pamphumi, kumuika switi pamlomo, n'kumupukuta masaya ndi tsamba ngati akupukuta misozi. Mashi anamunong'oneza kanthu kukhutu. Sindinafunse. Atatsika anandifunsa ngati ndili pabanja, ndipo nditavomera anandipaka ufawo pamphumi ndi m'masaya, amayi enanso n'kundiunjirira mpaka bulauzi yanga yoyera inatheratu.

Madzulo tinatsatira lole yonyamula chifanizo cha Durga mpaka ku Babughat, pagombe la mtsinje wa Hooghly. Anyamata ankafuula kuti "Asche bochor abar hobe", kutanthauza kuti chaka chamawa zidzachitikanso. Anatsitsa chifanizocho, kuchizunguza kangapo, n'kuchigoneka chagada m'madzi. Utoto unayamba kusungunuka, dongo n'kubwerera kumene linachokera. Pasanapite nthawi makina onyamulira katundu anavuula nsungwi ndi udzu zija kuti zisaipitse mtsinje, n'kuziunjika pagombe pamodzi ndi za madera ena.

Titafika kunyumba, achinyamata onse anagwira mapazi a akuluakulu monga mwa mwambo wa tsikuli. Ine sindinadziwe kuti ndigwire pati, ndiye ndinangogwada pansi monga ndimachitira kwa apongozi anga. Mashi anaseka, kundidzutsa, n'kundiika switi mkamwa. Ndili pabedi ndinawerengera maola, ndinapeza kuti ku Dedza kunali kusanade kwenikweni, ndipo ndinawaimbira amayi.