Sundar Popo ndi nyimbo zimene zinawoloka nyanja

Pamene mphunzitsi wathu wa mbiri ya nyimbo ankagawa mitu ya kafukufuku wa teremu ino, ine ndinapatsidwa dzina limene ndinali ndisanalimvepo, la Sundar Popo. Usiku womwewo ndinamvetsera nyimbo yake imodzi pa YouTube, ndipo nditamva kalilidwe ka ng'oma ndi kapotokolidwe ka mawu ndinalemba m'kope langa kuti anali woyimba wa ku India. M'mawa mwake mphunzitsiyo anazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira, nandiuza kuti ndikayambe ndaona mapu. Popo anabadwa pa 4 Novembala 1943 m'mudzi wa Monkey Town, m'dera la Barrackpore, kum'mwera kwa chilumba cha Trinidad chimene chili pafupi ndi gombe la Venezuela. Kulakwitsa kwangako ndiko kunabala funso limene ndakhala nalo milungu yonseyi, loti nyimbo za Amwenye zinakafika bwanji kutali chotero, ndipo zitafika zinasanduka za yani.

Yankho lake likuyambira m'minda ya nzimbe. Ukapolo utathetsedwa m'maiko olamulidwa ndi Britain, eni minda anasowa antchito, choncho anayamba kutenga anthu ku India pa mgwirizano wa zaka zisanu. Sitima yoyamba yopita ku Trinidad, yotchedwa Fatel Razack, inafika pa 30 Meyi 1845, ndipo pofika 1917 pamene dongosololi linaimitsidwa, anthu oposa 140,000 anali atawolokera pachilumbacho. Ambiri anali alimi osauka ochokera ku Bihar ndi kum'mawa kwa dera limene lero ndi Uttar Pradesh, olankhula Chibhojpuri. Powerenga zimenezi ndinakumbukira makolo athu amene ankalembetsa ntchito ya m'migodi ku Joni, kungoti ambiri mwa Amwenyewa sanabwererenso kwawo. Katundu amene ananyamula anali wochepa, koma nyimbo za kubadwa kwa mwana, za ukwati ndi za mapemphero anazisunga pamtima.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi mwambo wa matikor, umene umachitika usiku patatsala masiku ochepa kuti ukwati wachihindu uchitike. Amayi amasonkhana paokha, amakakumba dothi loti ligwiritsidwe ntchito pamwambo, kenako amayimba ndi kuvina nyimbo zachangu, zanthabwala, zokamba mosabisa za m'banja, pofuna kumuchotsa mantha mkwatibwi. Nyimbo zotere ndizo zinapatsidwa dzina lakuti chutney, potengera chakudya cha tsabola chimene chimakometsa mbale. Zida zake zenizeni ndi zitatu: ng'oma ya mbali ziwiri yotchedwa dholak, limba lopopa mpweya ndi dzanja lotchedwa harmonium, ndi dhantal, chitsulo chachitali chowongoka chimene amachimenya ndi kachitsulo kopindika. Pofuna kumvetsa ntchito ya dhantal ndinatenga chitsulo chotsala pa zomangamanga, ndinachiimika pansi ndi kumachimenya ndi sipanala motsatira nyimbo. Ndinazindikira kuti luso lonse lili m'dzanja logwira chitsulocho, chifukwa ukachifumbata chimalira mogontha, ukamasula zala chimalira mokweza, ndipo kusinthasintha kumeneko ndiko kumayendetsa ovina. Ndinatha madzulo atatu ndisanathe kutsatira ngakhale ndime imodzi bwinobwino.

Popo anakulira pakati pa zinthu zimenezi, popeza mayi ake ankayimba ndipo bambo ake ankawomba ng'oma za tassa. Ali mnyamata ankayimba nyimbo zachipembedzo m'makachisi ndi m'maukwati, kwinaku akugwira ntchito yaulonda. Panthawiyo Chibhojpuri chinali chikuzilala, achinyamata ankalankhula Chingerezi cha ku Trinidad, ndipo magulu oyimba ankangotengera nyimbo za m'mafilimu a ku India zimene omvera ambiri sankazimva tanthauzo. Mu 1969 Popo anakumana ndi Moean Mohammed, muulutsi wa pawailesi amenenso ankakweza oyimba, ndipo nyimbo yake ya Nana and Nani inajambulidwa mothandizidwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Harry Mahabir. Nana ndi nani ndi agogo aamuna ndi aakazi a kuchikazi. Nyimboyo imakamba za moyo wa nkhalamba ziwiri za kumudzi, mowa ndi imfa, m'chinenero chimene anthu ankalankhuladi pakhomo, Chingerezi chosakanizika ndi mawu a makolo.

Poyamba ndinkaganiza kuti kusakaniza kotereku ndi chizindikiro cha kufooka kwa chikhalidwe, ndipo ndinalemba choncho m'zolemba zanga zoyamba. Ndinasintha maganizo nditamvetsera mobwerezabwereza. Mawu a Popo si aakulu, ndi opyapyala ndi otulukira m'mphuno pang'ono, ndipo sayesa kufanana ndi akatswiri oyimba m'mafilimu a ku Bombay, ku India. Amayimba monga munthu amene akudziwa kuti omvera ake ndi odula nzimbe ndi ana awo, amene sadzaiona India koma safunanso kutaya agogo awo. Akanaumirira chinenero chimene mbadwo wake unali utasiya, nyimbozo zikanatsalira okalamba okha. Umboni wina ndi wakuti m'zaka za m'ma 1980 banja loyimba la ku India, Babla ndi Kanchan, linajambulanso nyimbo zake zina, kotero kuti zimene zinachoka ku India zinabwererako zitavala za ku Trinidad.

Komabe pali chinthu chimene sichinandikhazike mtima pansi. Popo amatchedwa tate wa chutney, pamene gwero la nyimbozo ndi amayi a pa matikor amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Ku Suriname, dziko la ku South America kumenenso kunapita antchito ochokera ku India, mayi wina wotchedwa Dropati anatulutsa chimbale cha nyimbo za ukwati mu 1968, Popo asanatchuke. Zimene amayi ankayimba pamalo obisika zitafika pa nsanja ndi pawailesi, akuluakulu ena achihindu anadandaula kuti mwambo wanyozeka, ndipo chidzudzulo chachikulu chinagwera amayi ovina ndi oyimba monga Drupatee Ramgoonai, osati amuna. M'lipoti langa ndapereka gawo lathunthu ku nkhani imeneyi, ngakhale kuti mutu umene ndinapatsidwa unali wa munthu mmodzi.

Mu 1995, patatha zaka 150 chifikire Fatel Razack, woyimba calypso wa makolo ochokera ku Africa, Black Stalin, anapambana mpikisano waukulu wa calypso, mtundu wa nyimbo wotchuka ku Trinidad, ndi nyimbo yolemekeza Popo. M'dziko limene ndale zimagawa anthu potengera mtundu, zimenezi zinali zazikulu, ndipo m'chaka chomwecho Basdeo Panday anakhala nduna yaikulu yoyamba ya makolo ochokera ku India. Popo anamwalira pa 2 Meyi 2000 atadwala shuga kwa nthawi yaitali, ali ndi zaka 56. Lero chiboliboli chake chili m'tauni ya Debe, kufupi ndi kwawo. Lachinayi likubwerali ndikapereka kafukufukuyu pamaso pa anzanga, ndipo ndapempha chilolezo choti ndikalowe m'kalasi ndi chitsulo changa chija ndi sipanala, kuti amve kaye kulira kwa dhantal ndisanatchule dzina la munthu aliyense.