Apongozi a ku Lagos anasanduka Tchaina

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi pa WhatsApp, ndipo mchere authira wodzaza dzanja, ndati ndiinene ndekha. Inde, ndinagona. Inde, patapata ili padenga paja ndi yanga. Koma mumve kaye mmene zinayendera.

Amene simunakhaleko ku Nchalo mwezi wa Okutobala, chonde khalani chete. Kuno kukatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala pansi pa ngolo. Loweruka limenelo ndinali nditangotsitsa mitanda inayi ya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba. Munthu wanzeru akanayala mphasa pansi pa nimu. Ine ndinapita kuvidiyo sho.

Mukuidziwa nyumba ija: malata okhudza mutu, zipupa za masaka, mabenchi opanda choyedzamira, ndi fani imodzi yomwe imayang'ana mwini wake yekha. Kuseri jenereta ikulira. Anaigula mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, nthawi ija magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Phokoso lake ndi lofanana ndi la chigayo chakutali, lija limagonetsa mwana kumbuyo kwa amake.

Pa bolodi panja analemba kuti ya ku Nigeria, yomasulira m'Chichewa. Ndinalipira K200 yanga n'kukhala benchi yachitatu, pafupi ndi mzati. Nkhani yake inali yodziwika: mayi wina wa ku Lagos, duku lalikulu ngati lichero, sakumufuna mtengwa wake chifukwa papita zaka wosabereka. Mayiyo apita kwa sing'anga, sing'anga awapatsa nsupa. Chomaliza chimene ndinaona ndi apongoziwo ali kukhitchini, nsupa m'manja, akuyang'ana uku ndi uku, akuvundukula poto.

Ndinaphethira. Ndikulumbira, kwa ine kunali kuphethira kamodzi.

Potsegula maso ndinaona nkhalamba ya ndevu zoyera zofika pamchombo ikuuluka pamwamba pa nsungwi, anyamata khumi akuithamangitsa ndi malupanga. Ndipo m'chiuno mwake munalendewera chiyani? Nsupa. Nsupa, abale anga! Kuwonjezera apo, mawu a womasulira anali omwe aja, kaseka kake komwe kaja, ndipo nkhalambayo ankaitchula kuti "mfiti imeneyi", dzina lomwe ankawatchula apongozi aja. Inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinawomba m'manja ndekha mumtima: apongozi amwa mankhwala awo omwe, asanduka Tchaina.

Muyenera kudziwa kuti pansi pa nimu paja, pafupi ndi pomwe amaima a kabaza, mawu anga amalemera. Ulemuwu ndinaupata mu 2019, itatuluka filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Anzanga onse ankangoyamikira makina amphepo, ine ndinaimirira n'kunena kuti Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William, wayesetsa ndithu, koma Chichewa chake chikumveka ngati munthu wavumata mbatata yamoto. Kuyambira tsiku limenelo amanditchula a Jaji. Filimu sinathe kukambidwa ngati a Jaji sanagamule.

Ndiye madzulo ake tinakumana monga mwa masiku onse. Panali aphunzitsi opuma aja omwe amati filimu yopanda asilikali ndi sewero la ana a sukulu, mnyamata wobena mafilimu m'mamemore, amayi a zitumbuwa, a kabaza atatu, ndi alamu anga. Alamuwo, ndinadzamva pambuyo pake, anakhala kumbuyo kwanga muvidiyo muja tsiku lonse.

Iwo ndiwo anayambitsa, ndi mawu ofatsa ngati a m'kwaya. "A Jaji, ya lero ija mwaiona bwanji?"

Ndinakonza kukhosi. Ndinati, abale, anthu a ku Nigeria akhala akutinamiza zaka zonsezi ndi nkhani imodzimodzi, ya apongozi, sing'anga ndi abusa obwera kumapeto kudzapemphera. Koma lero atulukira. Lero aonetsa kuti ufiti sudziwa malire a dziko.

Aphunzitsi anatsitsa magalasi. Wobena mafilimu anasiya kudina foni.

"Pitirizani, alamu," anatero alamu anga. "Malire ati?"

Apa m'pamene Mulungu akanatumiza mphepo kapena galu wachiwewe kuti tibalalike. Sanatumize. Ndinafotokoza mmene apongozi analawira mankhwala aja mwangozi, mmene duku linasandukira ndevu, mmene anaulukira kuchoka ku Lagos mpaka ku China usiku umodzi. Ndinati wojambula ndi wochenjera, chifukwa ulendowo sanauonetse, anasiyira woonera wanzeru kuti alumikize yekha. Ndinatsindika mawu akuti wanzeru, uku ndikuwayang'ana a kabaza.

"Nanga mtengwa uja anathera kuti?"

Ndinati ndi mtsikana uja wa lupanga, wovala zofiira. Anawalondola apongozi ake mpaka kunsungwi kuti akabwezere.

"Khungu linayera bwanji?"

Ndinati mafuta odzola. Ku Lagos aliko ambiri.

Amayi a zitumbuwa anatembenukira kumbali, mapewa akugwedera. Ine ndinayesa kuti utsi wawalowa m'maso.

"Nanga nyimbo, a Jaji? Panalibe nyimbo?"

Apa ndinakumbukira kuti penapake, kutali ngati kutsidya kwa Shire, ndinamvadi mayi wa mawu ang'ono akuimba motalika, ng'oma zikulira, anthu ambiri akuvina. Ndiye ndinati inalipo, nyimbo ya maliro a mwana wa apongozi, yogwira mtima, moti ndinatsinzina kuti ndiimve bwino. Taonani, ngakhale pamenepa sindinaname kwenikweni. Ndinatsinzinadi.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikuyenda ndi patapata ziwiri. Koma aphunzitsi, munthu wamkulu, wa mpingo, anati sakumvetsa mmene mayi wonenepa chonchija angamenyere anyamata khumi. Ndinati dikirani ndikuonetseni.

Ndinaimirira. Ndinapinda thalauza. Ndinatambasula manja ngati kakowa wa m'dambo la Elephant Marsh, mwendo umodzi m'mwamba, maso pa mzere wa njinga. Ndinaima choncho nthawi yaitali ndithu, chifukwa nkhalamba ija inkayamba yaima kaye, ndevu zikupepeluka. Ine ndevu ndilibe, ndiye ndinkagwedeza chibwano. Anthu ochokera kumsika anaima. Mayi wina anatula mtolo wa nkhuni kuti aone bwino. Wa minibasi ya ku Nsanje anachepetsa liwiro, kondakitala mutu uli pawindo. Kenako ndinakuwa monga amakuwira, n'kuponya mwendo.

Mwendo unabwerera. Patapata sinabwerere. Inakwera pang'onopang'ono, ikuzungulira, kudutsa nthambi ya nimu, kudutsa waya wa magetsi, n'kukatera padenga la butchala, phaa! Akhwangwala awiri anauluka. M'chiuno mwanga munalira kanthu kena komwe mpaka lero sindikudziwa dzina lake.

Panali zii. Ndili chiimire ndi phazi limodzi pamchenga wotentha, ndinamva wina akundikoka malaya. Kamnyamata kotolera ndalama pakhomo pa vidiyo kaja.

"Ankolo, abwana akuti mupereke K400 yotsala."

Ndinati yotsala ya chiyani, mphwanga, ndinalipira polowa.

"Munalipira imodzi. Mwaonera zitatu. Ya ku Nigeria, ya Amwenye, ndi ya Matchaina."

Ya Amwenye. Abale, filimu ya Amwenye imatenga maola atatu. Maola atatu athunthu, ndi ukwati wake, ndi mvula yake, ndi magule ake onse, zinadutsa pamaso panga ine nditatsamira mzati, kukamwa kuli yasa. Nyimbo ya maliro ija inali ya chikondi. Kamnyamatako kanawonjezera, popanda wokafunsa, kuti abwana anatuluka kawiri kukayang'ana oyilo mujenereta, osadziwa kuti phokosolo likuchokera pa benchi yachitatu.

Sindifotokoza kuseka kwake. Wa kabaza mmodzi anagwa ndi njinga yomwe. Aphunzitsi anachita kukhala pansi m'fumbi. Amayi a zitumbuwa anangoti "takhuta, a Jaji, takhuta," n'kundipatsa chitumbuwa chaulere ngati mwana wolira.

Koma tiyeni tikambe chilungamo. Womasulira mmodzi, mawu amodzi, mafilimu onse, ndipo aliyense woipa kwa iye ndi mfiti. Nsupa uku, nsupa uko. Ndani sakanasokonezeka? Komanso mlamu weniweni akaona mnzake akuwodzera amamugwedeza. Anga anandijambula. Chithunzi chimene akutumizacho anachitenga moipa dala, pakamwa panga sipakula choncho.

Ndipo nenani zoona, inu amene munaonera zonse zitatu muli maso: ilipo imene ikuposa yanga ija? Wobena mafilimu wandiuza kuti anthu awiri abwera kale kudzafunsa ya apongozi osanduka Tchaina, wina wachokera ku Ngabu.

K400 ndinapereka Lolemba. Mayi a kunyumba ndinawauza kuti patapata inaduka panjira, koma Lamulungu anakagula nyama kubutchala kuja, ndipo chibwerereni sanandifunse kanthu, amangoti akandiyang'ana n'kulowa kukhitchini. Amene ali ndi makwerero andibwereke, koma abwere nawo kukada.