Nyumba yogulitsa ku Bo-Kaap

Mlendo akafika ku Cape Town, anthu amathamangira kukamuonetsa nyanja ndi phiri la Table Mountain. Ine ndinapempha msuweni wanga, yemwe amaphika m'lesitilanti ina mumzindawu, kuti Lamulungu lake lopuma andiperekeze ku Bo-Kaap, dera lakale lomwe lili m'mbali mwa phiri la Signal Hill. Tinanyamuka wapansi pakati pa tauni, kuwoloka msewu wa Buitengracht, n'kuyamba kukwera Wale Street. Cham'mwamba misewu ina ndi yoyala miyala, ndipo chitunda chake n'chodula mpweya.

Nyumba za kuno n'zogundizana, khoma limodzi mabanja awiri, ngati midadada ya lendi ya ku Ndirande, kungoti izi n'zopakidwa penti wowala: ina yobiriwira, ina yapinki, ina yachikasu. Ndipo chiyambi chake ndi lendi yemweyo. M'zaka za m'ma 1760, Jan de Waal anagula malo kuno n'kumanga tinyumba tochititsa lendi. Imodzi mwa nyumba za nthawi imeneyo, pa 71 Wale Street, ndiyo yasanduka Bo-Kaap Museum. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, ndipo akapolo atamasulidwa kwenikweni mu 1838, ambiri anadzakhazikika kuno. Makolo awo anachokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique. Mzikiti wa Auwal pa Dorp Street, womwe unakhazikitsidwa mu 1794, ndi wakale kuposa yonse mu South Africa, ndipo anthu akupempheramobe.

Titakhota kamsewu kena tinaona chikwangwani cha ogulitsa nyumba, chitseko chili pululu. Kuno Lamulungu masana ndi pamene amaonetsa nyumba kwa ofuna kugula. Msuweni anandikoka dzanja. "Asuweni, tiyeni tilowe, kuona salipiritsa."

Kutsogolo kuli khonde lokwera, lokhala ndi pokhalira pa simenti mbali zonse ziwiri. Ndinayeza khoma pa windo: kunenepa kwake kungotsala pang'ono kufika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya zala. Mawindo ndi amatabwa, otsegula pokankhira m'mwamba. Ukalowa, kanjira kopapatiza kamakutenga kudutsa zipinda mpaka kukabwalo kakang'ono kuseri. Matabwa a pansi anali operepeseka pakati penipeni, momwe mapazi akhala akuponda kwa mibadwo. Khitchini yokha inali yatsopano mbee. Mayi wogulitsayo anatchula mtengo wa mamiliyoni angapo a marandi, n'kuwonjezera kuti wogula akhoza kumagonekamo alendo odzaona malo ndipo ndalama yake ibwerera msanga.

Anafotokozanso malamulo. Ku South Africa, nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 sungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo, malinga ndi lamulo la National Heritage Resources Act la mu 1999. Pamwamba pa izo, mu 2019 khonsolo ya mzinda inaika Bo-Kaap pansi pa chitetezo chapadera, ndipo chaka chomwecho boma linalengeza malo 19 a m'derali kukhala chuma cha fuko. Chitetezochi sichinabwere chokha. Mu 2018 anthu a kuno anachita zionetsero m'misewu kukana nyumba zosanja zazitali zomwe zinkamera m'mphepete mwa dera lawo.

Pakhonde loyandikana panali mayi wachikulire atavala mpango, akugulitsa ma koesister, timandasi tonunkhira sinamoni, toviika m'madzi a shuga n'kuwaza kokonati. Kuno amadya Lamulungu m'mawa, ndipo tinapeza otsala ochepa. Nditawafunsa za nyumba ija, anayankha mosabisa. Anati munkakhala banja limodzi kuyambira kalekale. Agogo atamwalira, ana analephera kugwirizana, komanso msonkho wa khonsolo unali utawakulira. Msonkhowo amawerengera pa mtengo wa nyumba, ndiye olemera akamagula modula pafupi nawe, nawenso bilu yako imakwera ngakhale ukudalira penshoni. "Mwana wanga, penti adzapaka yemweyu," anatero. "Koma adzabwera ndani kudzandigogodera Ramadan ikafika?" Amanena za mwambo wotumizirana mbale za chakudya dzuwa likamalowa, nthawi yomasula kusala.

Mawu amenewo anandilasa mtima. Dera ili linapulumuka nthawi ya tsankho. Boma la azungu linalisiyira anthu omwe linkawatcha Cape Malay, pomwe District Six, kutsidya lina la tauni, linalengezedwa kukhala la azungu mu 1966 ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugumulidwa. Lero ku Bo-Kaap palibe wobwera ndi thirakitala. Mabanja akutuluka limodzilimodzi, atasaina okha mapepala, ndipo lamulo loteteza mawindo ndi makoma silinena kanthu za amene akhale m'katimo. Ine ndikuona kuti khonsolo ikadachepetsa kwambiri msonkho kwa mabanja omwe akhalamo kwa mibadwo, chifukwa popanda iwo mizikiti ndi makondewa zidzangotsala zojambulira zithunzi.

Tikutsika, basi ya alendo inali itaima pa Wale Street, anthu ali pamzere kudikira kujambulitsa pakhomo la nyumba ya eni ake. Ife tinalowera ku siteshoni, poti msuweni amachita lendi kutali ndi tauni ndipo m'mawa mwake amayenera kulawirira kuntchito.